Ogona m'ndege pa dzina la anthu a kuchigwa

Amene anakwerapo minibasi yochokera ku Nsanje kupita ku Blantyre amadziwa kuti malo abwino ali kutsogolo, pafupi ndi dalaivala. Kumbuyo mumakhala anayianayi, thumba la mbatata za eni lili pamiyendo panu, nkhuku yomangidwa miyendo ikukujomphani chidendene, ndipo mukamafika pa Thabwa kuti muyambe kukwera chitunda simudziwanso ngati thukutali ndi lanu kapena la mnzanu. Wa kutsogolo amawongola miyendo, kamphepo ka pawindo n'kake. Komabe palibe amamusungira chakukhosi. Analawirira pa siteji, ndipo ndalama imene wapatsa kondakitala yachokera m'thumba mwake.

M'ndege nkhani ndi ina. Kumeneko kutsogolo sikufuna kulawirira, kumafuna ndalama, kawirikawiri kuwirikiza katatu kapena kanayi mtengo wa kumbuyo. Ndipo ambiri mwa amene amakhala kumeneko mwezi ndi mwezi, ndalamayo si yawo.

Ndinakhalako kamodzi, ndiye izi si za m'maluwa. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza anthu okhudzidwa ndi madzi osefukira, ndipo anandisankha kuti ndikayankhule pa msonkhano wina ku Ulaya. Ndinanyamuka ku Ngabu m'bandakucha, minibasi mpaka ku Blantyre, kenako Chileka, kenako Addis Ababa kumene tinadikira ndege ya usiku. Tikiti yanga inali ya kumbuyo, ya economy. Koma pachipata cholowera m'ndege makina anaikana, mtima wanga n'kuyamba kugunda poganiza kuti ndalakwitsa china. Mayi wa pakauntala anang'amba kapepala kanga n'kundipatsa kena uku akumwetulira. "Kumbuyo kwadzaza, bambo, mukhala kutsogolo."

Kuseri kwa katani kuja kuli dziko lina. Ndisanakhale n'komwe anandilandira jekete n'kukalipachika. Anabwera ndi kathaulo kotentha pa kambale, ine n'kumaba maso kwa wa pambali kuti ndione chimene amachita nako. Chakumwa chinabwera m'tambula yagalasi, chakudya pa mbale zenizeni, mpeni ndi foloko zachitsulo, ndipo asanabweretse anandifunsa, ponditchula dzina, chimene ndingakonde. Pambali pa mpando panali timabatani. Nditadina kamodzi mpando unayamba kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka unasanduka bedi lathyathyathya, pilo ndi bulangete zili pomwepo. Ndinagona tulo tofa nato pamwamba pa chipululu. Ndisaname, n'zokoma. Wonena kuti business class ndi zachabechabe, kapena sanakhalemo kapena akubisa.

Koma chimene chinandikhalira m'mutu si bedi lija, ndi bambo amene anakhala pambali panga. Iwo kathaulo sanakayang'ane, ndandanda wa zakudya sanawerenge, anangovula nsapato ngati afika pakhomo pawo. M'mawa tikumwa tiyi tinayamba kucheza, n'kupezeka kuti tikupita ku msonkhano umodzi. Anali katswiri wounika mapulojekiti a madzi osefukira, ndipo ku Nsanje anakhalako masiku 2. Dzina la Makhanga ankalitchula molakwika, koma mokoma mtima. Kenako anatulutsa foni n'kundionetsa nambala ina, nkhope ili ndi nkhawa yeniyeni. Anati akufunika ulendo umodzi wautali Disembala asanathe, apo ayi khadi lawo la golide litsika kukhala la siliva. Ndiye akuyang'anayang'ana msonkhano wina woti apiteko.

Sanali munthu woipa. Koma ndi mawu awo omwe anandiuza kuti pali misonkhano imene munthu amapitako chifukwa khadi lili ndi njala.

Kwa amene sanazimvepo, zimayenda motere. Makampani a ndege amakulemberani mapointi, amene amawatcha mamailosi, pa ulendo uliwonse. Njirayi inatchuka mu 1981 pamene American Airlines inayambitsa AAdvantage, ndipo lero pafupifupi kampani iliyonse yaikulu ili ndi yake. Ya Ethiopian Airlines ndi ShebaMiles. Mamailosi akachuluka mumagula nawo tikiti yaulere kapena kudzikweza kuchoka kumbuyo kupita kutsogolo. Pamwamba pa apo pali maudindo, siliva, golide, ena amafika pa platinamu, ndipo udindo uliwonse uli ndi zake: kulowa m'ndege anzanu asanalowe, masutikesi owonjezera, ndi chipinda chodikirira chimene amati lounge, momwe muli chakudya, bafa ndi mipando ya wofuwofu pamene ena agona pa benchi panja. Makampani anapanganso magulu. Star Alliance inayamba mu 1997, Ethiopian inalowamo mu 2011, choncho khadi la golide la kampani imodzi limakutsegulirani zitseko pa mabwalo a ndege ambirimbiri padziko. Msampha wake ndi woti udindowu suli wamuyaya. Muyenera kuutetezanso pouluka mokwanira nyengo yake isanathe. Ndipo tikiti ya kutsogolo imabereka mamailosi ambiri kuposa tikiti yotchipa ya kumbuyo.

Bedi lenilenilo si lakale kwambiri. British Airways ndi imene inaika mipando yogona thyathyathya mu business class mu 2000. Kale lonselo akatswiri ankauluka atakhala tsonga, ndipo misonkhano inkachitika ndithu.

Chinthu chimodzi ndi chimene chimandivuta m'dongosolo lonseli: mamailosi amalembedwa pa dzina la wokwera, osati la wolipira. Tikiti igulidwe ndi boma, igulidwe ndi bungwe, igulidwe ndi ndalama zimene anthu a kutali anasonkha ataona zithunzi za amayi a ku Nsanje ali pa chulu madzi atawazungulira, phindu la pambali limapita kwa amene wakhala pampando. Pa Khirisimasi amatenga banja lake kukapuma ndi mamailosi amenewo. Ndiye musadabwe akamakonda msonkhano wa kutali kuposa wa pafupi, wa pamaso kuposa wa pa intaneti, ndi njira yokhota yodzera pa kampani yake kuposa njira yachidule. Kwathu munthu wosakhazikika timati anadya thako la galu. Awa thakolo amachita kuwaphikira, ndipo nkhuni zake timatola ndife.

Ndisaloze chala azungu okha. Ife tomwe timaidziwa nyimbo imeneyi, ingosiyana ng'oma. Wekishopu ya mavuto a ku Chikwawa imakachitikira kunyanja chifukwa cha alawansi, ndipo pali anthu amene amasaina mapepala a misonkhano iwiri tsiku limodzi. Mamailosi ndi alawansi yomweyo, kungoti yavala suti. Akuluakulu athu enanso, a m'boma ndi a m'mabungwe, makhadi a golide ali nawo m'zikwama, ndipo sanawapeze pogulitsa thonje.

Pali chinthu china chimene ambiri sachiona. Ku Malawi kulibe ndege yopita ku Ulaya, ku America kapena ku Asia mwachindunji. Uchoke pa Chileka kapena pa Kamuzu ku Lumbadzi, kawirikawiri umadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Malamulo a mabungwe ambiri akuluakulu amalola business class ulendo ukatalika kufika maola akutiakuti. A United Nations, mwachitsanzo, m'malamulo awo a mu 2013 analola antchito awo ngati ndege imodzi iuluka maola 9 kapena kuposa, kapena ngati ulendo wolumikiza ukwana maola 11. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Addis ndi maola pafupifupi 4, kuchoka apo kukafika ku London ndi pafupifupi 8. Mwaona kale. Kutalikira kwathu, komwe kumadulitsa feteleza ndi mafuta, n'komwenso kumatsegulira bedi munthu wobwera kudzationa. Dziko likakhala losauka ndi lovuta kufikako, ulendo wopitako umakoma.

Kusiyana kwa tikiti ya kutsogolo ndi ya kumbuyo pa ulendo wotere kumafika madola masauzande angapo. Pa bajeti ya pulojekiti ya mamiliyoni, imeneyi imaoneka ngati nyenyeswa. Koma tsikirani nayo kuno. Pitani pa Mtayamoyo pamene anthu amawoloka pa bwato kupita ku Makhanga, njinga, ufa ndi wodwala zonse m'bwato limodzi, ng'ona zili m'madzimo. Pitani ku midzi ya anthu amene anasamukira kumtunda pambuyo pa namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, amene anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno n'kusiya oposa 600,000 opanda pokhala. Nyenyeswa ija kumeneko ndi malata a nyumba zingapo. Ndipo usiku wa bedi ndi umodzi popita, umodzi pobwera.

Maboma amadziwa kuti nkhaniyi imapweteka anthu. Joyce Banda anagulitsa ndege ya pulezidenti mu 2013. John Magufuli atangolowa mu 2015 anadula maulendo akunja a akuluakulu a boma la Tanzania. Kuno, mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, Lazarus Chakwera anaimitsa maulendo akunja a iye mwini ndi akuluakulu a boma, ndipo ku msonkhano wa zanyengo wa COP28 ku Dubai sanapiteko. Vuto la ziletso zotere n'lakuti zimabwera mphika ukapsa n'kuchoka utsi ukatha. Chofunika si kuletsa maulendo kwa miyezi ingapo, chifukwa ena mwa maulendowo ndi ofunikadi. Chofunika ndi lamulo lokhazikika, losavuta kumva: woyenda pa ndalama ya anthu akhale kumbuyo, ndipo mamailosi a ulendowo agwire ntchito ya ofesi imene yalipira.

Zimenezi si maloto. Ku Germany mu 2002 andale anataya maudindo pa nkhani yomweyi. Gregor Gysi anatula pansi udindo wake mu boma la mzinda wa Berlin, Cem Özdemir nayenso anasiya udindo wake ku nyumba ya malamulo, zitadziwika kuti mamailosi a maulendo a ntchito anawagwiritsa ntchito pa maulendo awoawo. Mu 2006 khoti lalikulu loona za ntchito m'dzikomo linagamula kuti bwana ali ndi ufulu wouza wantchito kuti mamailosi a maulendo a kampani agwire ntchito ya kampani. Dziko lolemera chonchija linaona kuti si nkhani yaing'ono. Ife amene timaima pa mzere wa petulo chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja ndiye tiziti n'zochepa?

Ndikudziwa zimene adzayankhe, ndipo zina mwa izo n'zomveka. Adzati munthu amene wauluka usiku wonse mawondo ali pachifuwa sangalowe m'chipinda m'mawa n'kukambirana za ngongole ya dziko mutu uli bwino. N'zoona, ndinabwerera kumbuyo pa ulendo uja ndipo ndinafika pa Chileka khosi litauma. Koma mankhwala ake alipo otchipa: anyamuke tsiku limodzi m'mbuyo, akagone pa bedi la pansi. Usiku umodzi ku hotela, ngakhale ya ku Geneva, sufika pa kusiyana kwa matikiti aja. Odwala msana, achikulire, olumala, amenewo palibe angatsutse, dokotala alembe kalata basi. Koma mnyamata wa zaka 40 amene Loweruka amathamanga makilomita 10 asatiuze za msana.

Adzatinso mipando ya kutsogolo ndi imene imanyamula ndege. Apa pali choonadi chachikulu. Makampani amapeza gawo lalikulu la ndalama zawo pa mipando yochepa ija, ndipo popanda iyo tikiti ya mayi wopita kukapikula katundu ku Guangzhou kapena ya mwana wopita ku sukulu ku India ikanadula kuposa pano. Alendo ena obwera kudzaona njovu ndi mikango ku Majete amabweranso pa mipando yomweyo, ndipo anyamata a ku Chikwawa kuno amapeza ntchito. Sindikunena kuti mipandoyo izulidwe. Wamalonda amene wapanga phindu lake, wapenshoni amene wasunga ndalama yake, agone mmene akufunira. Mkangano wanga ndi amene amagona pa dzina lathu.

Koma ngakhale wolipira m'thumba mwake sanamalize kulipira, ndipo apa ndi pamene ife a kuchigwa tili ndi mawu kuposa wina aliyense. Bedi limatenga malo a mipando ingapo. Ndege imatentha mafuta omwewo, ndiye mukagawa utsi potengera malo amene aliyense watenga, wa kutsogolo amasenza zambiri. Kawerengedwe ka boma la Britain kamaika business class ya ulendo wautali pafupifupi katatu pa economy, ndipo first class kanayi. Munthu wa kumbuyo wopita ku London n'kubwera amatulutsa kale mpweya wa kaboni woposa tani imodzi, pamene Mmalawi wamba pa chaka chathunthu amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a tani. Wirikizani katatu, muwirikizenso ndi maulendo a chaka chonse a munthu wa khadi la golide. Kafukufuku wa Stefan Gössling ndi Andreas Humpe wa mu 2020 anapeza kuti mu 2018 anthu 11 okha mwa 100 aliwonse padziko ndi amene anakwerapo ndege, ndipo munthu mmodzi mwa 100 ndi amene anachititsa theka la utsi wonse wa ndege zonyamula anthu.

Sindinena kuti ndege ndi zimene zinabweretsa Freddy. Maulendo a pandege amatulutsa pafupifupi 2.5 peresenti ya kaboni yense wa padziko, ndipo chigwa chino chinkasefukira kale, makolo athu ankadziwa kuthawira kumtunda n'kubwerera ku dimba madzi akaphwa. Mitengo ya m'mapiri a Thyolo ndi Mwanza tinadula tokha. Koma amene wakhala kuno wawerenga yekha: madzi osefukira a mu 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 amene anagumula damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 pa magetsi a dziko lonse, kenako Freddy. Asayansi akuti mpweya ukamatentha anamondwe amagwetsa mvula yochuluka. Akulu amati nkhuyu zodya ana zimapota akulu, koma pa nkhani iyi zatembenuka, odya ndi akulu, opotedwa ndi ana a ku Makhanga amene ndege amangoiona ikudutsa m'mwamba.

N'chifukwa chake ganizo la msonkho wapadera pa matikiti a kutsogolo limandigwira mtima. Si lachilendo. France inaika msonkho pa matikiti a ndege mu 2006, wokwera kwambiri kwa a kutsogolo, ndipo ndalama zake zinathandiza kuyendetsa Unitaid, bungwe limene limatsitsa mitengo ya mankhwala a HIV, TB ndi malungo. Britain nayo msonkho wake wa okwera ndege umakhala wokwera kwa amene sali mu economy. Mu 2025, pa msonkhano wa ku Seville ku Spain, mayiko 8 anapanga mgwirizano wolimbikitsa msonkho pa okwera kutsogolo ndi eni ndege zawozawo: France, Spain, Kenya, Barbados, Benin, Sierra Leone, Somalia, ndi Antigua and Barbuda. Pa oyambitsawo Malawi panalibe. Somalia inalipo, Kenya imene ili ndi kampani yake yaikulu ya ndege yoti ikanaopa kutaya makasitomala inalipo, ife eni namondwe ayi.

Ndisakunamizeni kuti msonkho wotoleredwa pa Chileka ndi pa Kamuzu ungamange zipupa zotchinga Shire ndi Ruo. Okwera kutsogolo kuno ndi ochepa. Ndalama yeniyeni ili pa mabwalo a London, Paris, Dubai ndi New York. Koma thumba lothandiza mayiko amene awonongekeredwa ndi kusintha kwa nyengo, limene anagwirizana ku Sharm el-Sheikh mu 2022, limadalira zimene mayiko olemera alonjeza mwa kufuna kwawo, ndipo lonjezo timalidziwa mmene limayendera. Msonkho sudikira chifundo. Munthu amene wakwanitsa kulipira madola masauzande kuti agone sangasiye ulendo chifukwa cha madola makumi angapo owonjezera. Nthumwi zathu zikamapita ku misonkhano imeneyo, ziyenera kunena zimenezi mokweza. Zidzanena bwino ngati zafika kumeneko zitakhala kumbuyo, chifukwa n'kovuta kupempha msonkho pa mpando umene wangodzukapo.

Poyambira pathu si pa Seville, ndi pa khonsolo. Bungwe lililonse lofuna kugwira ntchito ku Chikwawa kapena ku Nsanje limayamba laonekera ku komiti ya DEC, ya akuluakulu a maofesi a pakhonsolo, kukafotokoza pulojekiti yake. Limaonetsa midzi, mabanja amene apindule, ndi ndalama yonse pamodzi. Mafunso amakhala a mijigo ingati, mbuzi zingati, ndani alembedwe. Sindinamvepo wina akufunsa kuti pa ndalamayi ya matikiti a ndege ndi ingati, okwerawo ndi ndani, ndipo akhala mbali iti ya katani. Funsoli silifuna digiri.

Nditabwerera ku ulendo uja ndinakachititsa msonkhano m'mudzi wina kufupi ndi Bangula, pansi pa mtengo, dzuwa la Okutobala likuwotcha ngati ng'anjo. Ndinafotokoza zimene tinakambirana ku Ulaya, kenako, pofuna kuseketsa anthu, ndinasimba za mpando wosanduka bedi. Anaseka ndithu, amayi ena mpaka kuwomba m'manja. A nyakwawa sanaseke. Anadikira phokoso lithe, n'kufunsa mwaulemu wawo wonse: "Mwanawe, bambo wagona nayeyo, bedi lakelo analipira ndani?" Ndinawauza kuti pulojekiti. "Pulojekiti ya madzi athu omwewa?" Ndinati ya madzi, koma mwina ya dera lina. Anagwedeza mutu, n'kutembenukira kwa mlembi wa komiti ya m'mudzi kuti apitirize kuwerenga mayina a mabanja amene anali asanalandirebe mapepala apulasitiki ofolera.